Nyemba Zokhazokha M'chipanda

A Gerevazio anawapeza Lachisanu masana atagwa chafufumimba kumutu kwa ngalande, pamene madzi amatuluka m'kasupe wa m'tsinde mwa phiri la Chongoni. Kunkhongo kwawo kunali chibala. Khasu linali poteropo, la mpini wokhota, ndipo panalibe munthu m'mudzimo amene sankadziwa mwini wake. Maliro asanaikidwe n'komwe, apolisi anali atamumanga kale Kalisto.

A Anselmo, malume ake a Kalisto, anatsetsereka phiri wapansi mpaka kupolisi. Anali bambo wa imvi, wa bondo louma lomwe anabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo sankakhulupirira munthu aliyense wa nsapato zonyezimira.

"Mwana wa mlongo wanga sanaphe munthu," anatero asanapatsidwe ndi mpando womwe.

"Onse amene amagona muno sanaphe munthu, bambo," anayankha Sajeni Ackim, mkulu wa pamalopo, maso ali ofiira ndi kutopa. "Khasu ndi lake. Lachinayi anthu anamumva akulalatira malemuwo pachigayo."

"Khasu analisiya kungalande chifukwa Lachinayilo linali tsiku lake lotsegula madzi. Tonse timatero."

"Akanene zimenezo ku khoti la mafumu."

"La mafumu? Mlandu wa magazi? Ndili ndi ng'ombe ine, ndimupezera loya."

"Isungeni ng'ombe yanuyo. Kumeneko loya salowa. Lamulo linasintha."

"Analisintha ndani?"

"Aphungu ku Zomba anakweza manja."

"Ife anatifunsa?"

Sajeni anayang'ana kukhomo, kenaka anatsitsa mawu. "Pakamwa panupo muzipasamala. Sabata ya mawa ikatha ndimutumiza, ndipo akalowa kumeneko ndi chingwe basi. Mukandibweretsera kanthu kogwirika ndi manja, osati mkwiyo wanuwu, ndidzakumverani."

Anawalola kulankhula ndi Kalisto pakawindo kachitsulo. Mlomo wake unali wotupa.

"Iwe, unkawalalatiranji akuluakulu aja?"

"Amalume, a Damiano anandinong'oneza kuti a Gerevazio agulitsa chipanda. Ndinapsa mtima, ndinawanena kuti ndi Yudasi. Koma sindinawakhudze, Mulungu akundiona!"

"Damiano ndiye anakuuza?"

"Eya, m'mawa wa Lachinayi."

A Anselmo analavula pansi. Dzina limenelo sankaliyika ulemu ngakhale mumtima.

*

Ngalandeyo anaikumba ndi manja awo mabanja a m'munsi mwa phirimo, a Anselmo akadali ndi mawondo onse awiri. Atangoimaliza anayamba kutemana chifukwa cha madzi, ndiye anapangana malamulo. Madzi aziyenda mosinthana. Tcheyamani akakolola kawiri azitsika. Dimba la munthu lisalandidwe. Pamwamba pa onsewo anaika lamulo lina lowatchinga.

Wofuna kusintha kanthu ankanena mvula yoyamba ikagwa. Banja lililonse linkapisa dzanja pansi pa nsalu n'kuponya mbewu imodzi m'chipanda, nyemba ngati lavomera, chimanga ngati lakana. A Gerevazio ankathiramo phulusa poopa anankafumbwe, n'kumata pakamwa pake ndi dongo, n'kukachikoloweka kutsindwi kwa khitchini yawo. Chinkakhala komweko dzinja lonse. Ankachitsegula anthu atakolola, mitima itazizira. Chimanga chikaposa zala za dzanja limodzi, nkhaniyo yafera pomwepo.

Damiano anali tcheyamani wa ngalande, analinso tcheyamani wa nthambi ya chipani. Mvula ya chaka chimenecho ili pafupi, anamva pawailesi kuti malamulo aakulu oyendetsera dziko asinthidwa kuti mpando wapamwamba ukhale wa munthu mmodzi mpaka imfa. Nayenso anasirira. Anapempha zinthu zitatu pamsonkhano: akhale tcheyamani moyo wake wonse, azilanda dimba la aliyense wotsutsa chitukuko, ndipo chipanda chitayidwe, anthu azingokweza manja. Pamaso pake onse anaomba m'manja. Zimene anaponya pansi pa nsalu ankazidziwa ndi eni ake okha.

Chipandacho chinkayenera kutsegulidwa Lamulungu lotsatira imfa ya a Gerevazio. Chifukwa cha maliro anachikankhira Lamulungu linalo.

*

A Anselmo anayambira kumchira kwa ngalande, kwa a Magadalena, mayi wa kabichi ndi anyezi amene pakamwa pake pankathamanga kuposa madzi a m'ngalandemo.

"Iii, a Anselmo, ine musandilowetse m'zinthu, ndili ndi ana ine! Mwadzera njira iti? Wakuonani ndani? Khalani apa, ayi, osati apo, mundithyolera anyezi."

"Lachisanu madzi anali anu?"

"Anali anga, ndipo anandibera! Ndangothirira mizere ingapo, ndikuona madzi abwera matope okhaokha, kenaka zii, aphwa. Belu la masana la kutchalitchi linali lisanalire. Ndinatukwana, Ambuye andikhululukire, osadziwa kuti chatseka madzi ndi thupi la munthu."

"Ndi matopewo panabwera chiyani?"

A Magadalena anayang'ana uku ndi uku. Anapisa dzanja pansi pa mulu wa manyowa n'kutulutsa kachibenthu ka chipanda, kakulu ngati chikhatho.

"Kanakodwa paudzu wanga wotchingira zinyalala."

A Anselmo anakatembenuza. Kunja kunali bii, mwaye wouma gwa umene chikhadabo sichikanaupala. M'kati munali moyera phulusa.

"Ndipo pali china," anapitiriza mayiyo, mawu atatsika. "Kumanda kuja, tikumwazikana, a tcheyamani anandidutsa pafupi n'kunena kuti, 'Mayi, chimanga chanu chofiira chija mukalimira kwina.' Ine thupi lonse zii. Chimanga chofiira m'mudzi muno ndili nacho ndekha, mbewu ya malemu mayi anga. Koma wadziwa ndani kuti ndinaponya chimenecho? Ngakhale bambo a kunyumba sindinawauze!"

"Wadziwa ndi amene anachiona."

"Musaganize kuti ine ndimachikonda chipanda chanucho. Chaka cha chilala chija tinapempha kuti ife a kumchira tiziyamba kuthirira, munati tidikire tikolole. Tikolole chiyani, kabichi atauma? Koma kupatsa munthu mmodzi madimba athu onse, ayi, kuli bwino ndiume."

"Chipanda chasweka, mayi. Umboni wake ndi umenewu."

"Chasweka bwanji?" A Magadalena anatong'ola maso. "Dzulo lomweli ndachiona ndi maso angawa chili lende m'khitchini mwa a Monika!"

*

A Monika, mkazi wa malemuwo, anali atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, mutu wometa, kolona ili m'manja. Ankalankhula pang'onopang'ono, ngati liwu lililonse akulinyamula pamutu.

"Lachinayi chakumadzulo anabwera a tcheyamani ndi anyamata awo a chipani, ayufi aja. Anati akufuna kuona makhadi a chipani. Tinawaonetsa. Anati ayi, tulukani, tifufuze ngati mukusunga mabuku oletsedwa. Tinaima pabwalo ngati alendo. Mmodzi analowa ndi thumba m'khitchini."

"Anatuluka nalo?"

"Anatuluka nalo."

"Nanga Lachisanu?"

"Abambo anali ndi chizolowezi. M'mawa uliwonse ankachigwira chipandacho, kuona ngati makoswe sanaboole. Tsiku limenelo atachigwira anayang'ana dzanja lawo nthawi yaitali. Anati, 'Monika, ichi si changa.' Anatenga ndodo n'kutuluka. Phala lawo linazizirira pamoto."

A Anselmo analowa m'khitchinimo. Chipanda chinali lende kutsindwi, chakuda, chomata bwinobwino. Anatambasula dzanja n'kuchisisita. Zala zinabwera zili bii, zonona. Ananunkhiza. Anali makala osinja osakaniza ndi mafuta a nsatsi. Utsi wa dzinja lonse sutuluka choncho, umamatirira ngati phula.

Dzanja linawanyerenyesa kuti achiphwanye pamafuwa pomwepo. Anadziletsa.

"Bwanji simunawauze apolisi, alamu?"

"Ndiuze ndani? Amene anawabweretsa apolisiwo ndi a tcheyamani omwewo. Anali ataima pambali pawo, akundipepesa."

*

A Anselmo anakamupeza Damiano pachipata cha msika wa pa Chimbiya, atakhala pampando, ayufi ake akubweza aliyense wopanda khadi. Mayi wina anali akulira pambali ndi dengu la tomato. Damiano anali wonenepa pakhosi, woseka msanga, ndipo munthu aliyense ankamutchula kuti m'bale wanga.

"Akuluakulu! Pepanitu ndi za mwana uja. Mkwiyo wa anyamata a masiku ano."

"Lachisanu unali kuti?"

Kumwetulira kunachepa. "Mwalowa upolisi liti? Ndinali pompano kuyambira m'mawa. Funsani anyamatawa."

Ayufi aja anagwedeza mitu onse nthawi imodzi.

"Ukufuniranji mpando mpaka imfa, Damiano? Uli ndi madimba awiri kale."

"M'bale wanga, inu vuto lanu mumakonda zakale. Alangizi anabwera ndi mapaipi, ankafuna yankho sabata yomweyo. Ife tinati dikirani chipanda. Mapaipi anapita kwina! Dziko lathunthu likusintha malamulo masana amodzi, ife tikudikira nyemba miyezi isanu ndi umodzi ngati ana osewera masanje. Lamulo lizimvera anthu, osati anthu kumvera dongo."

"Anthu ake ati? Amene akweza manja iwe ukuwayang'ana kumaso?"

"Munthu wopanda mlandu saopa kukweza dzanja."

"Ku Joni ndinaona mzungu akusintha malamulo a mgodi m'mawa uliwonse. Sindinamuonepo akuwasintha kuti ife tipume."

Damiano anawerama, mawu ali ofewa. "Dimba lanu lija lili pamalo abwino, akuluakulu. Lamulungu likubwerali tidzaona ngati mukuligwiritsa ntchito mwachitukuko. Ndipo kumutu kwa ngalande musapiteko. Ndatchingako ndi minga, ndi malo a mlandu."

A Anselmo anabwerera akutsimphina, mtima ukuwira. Koma mawu otsiriza aja anawakhala m'khutu. Apolisi anali atamaliza kale zawo kumeneko. Dimba loyamba kumutu kwa ngalande linali la Damiano. Ankatchingira chiyani?

Anadikira mpaka Loweruka, tsiku limene Damiano ankapita ku Linthipe kumsonkhano wa chipani. Anazungulira njira ya otola nkhuni, kudzera m'nkhalango, n'kutsika chammbuyo pamiyala, bondo likulira. Minga inali yotchinga kunjira kokha. Anayenda pakati pa mizere ya mbatatesi, maso pansi, mpaka kuseri kwa kachisakasa, pamene nthaka inali yonyowa ndi madzi otayikira.

Pamenepo anaima. Anagwada. Sanagwire kanthu.

Anatsika phiri ulendo umodzi mpaka kupolisi.

"Mwabweretsa chiyani?" anafunsa Sajeni Ackim.

"Sichinyamulika. Mubwere mawa ikatha Misa, mudzachizule nokha."

*

Lamulungu anthu anasonkhana pansi pa mikungudza kuseri kwa tchalitchi, atafunda mabulangete chifukwa cha mphepo ya mwezi wa Juni. Ayufi anaima mozungulira ndi zibonga zawo. Galimoto ya polisi inaima chapatali, Sajeni atatsamira chitseko ngati munthu wongodutsa.

Damiano ananyamula chipanda m'mwamba kuti onse aone dongo lake, kenaka anachigogoda ndi mwala n'kukhuthulira palichero.

Nyemba zokhazokha. Zoyera, zonyezimira, zamtundu umodzi.

"Anthu alankhula!" anafuula. "Palibe wokana ngakhale mmodzi!"

Ayufi anaomba m'manja. Anthu nawo anayamba kuomba, mofooka, maso ali pansi.

"Chimanga changa chili kuti?"

M'manja munaleka. A Anselmo anali ataimirira, atatsamira ndodo.

"Ine ndinaponya chimanga. Ndikunena pamaso pako, Damiano, ndinakukana. Chili kuti?"

"Ukalamba, m'bale wanga. Munaiwala zimene munaponya."

"Nanga phulusa? A Gerevazio anathira phulusa tonse tikuona. Nalonso lakalamba?" Anatola nyemba imodzi n'kuiluma. Inaphwanyika mofewa, anailavulira m'dzanja. "Izi zathyoledwa mwezi uno. Ife tinaponya mvula yoyamba!"

"Munthu mmodzi akusokoneza msonkhano," Damiano anauza ayufi. "Alipo wina amene akuti anaponya chimanga? Aimirire timuone."

Palibe amene anaimirira. A Anselmo anayang'ana nkhope za anthu amene anakumba nawo ngalande, anthu amene anawanyamulira maliro, ndipo aliyense anali akuyang'ana zala zake za kumapazi. Anadziwa chimene ankawapempha. Chipandacho anachipangira kuti munthu asadzafunsidwe funso limeneli poyera. Koma anadziwanso kuti mawa m'mawa Kalisto akwera galimoto.

"Mwana uja amupachika," anatero mwaukali. "Amupachika inu mukuthirira kabichi ndi madzi amene anaferamo a Gerevazio. Mudzamudya bwanji kabichi ameneyo?"

Woyamba kudzuka anali a Monika, atagwira mtengo. "Ife a kwa Gerevazio tinaponya chimanga."

"Aaa, basi, zivute zitani!" A Magadalena anadzambatuka, nsalu ikugwa. "Inenso! Chofiira! Ndipo a tcheyamani akudziwa, anandiuza okha kumanda, chipanda chisanatsegulidwe. Munachionera kuti, bambo?"

Kumbuyo kunadzuka bambo wina, kenaka wina, kenaka mabanja a kumchira onse pamodzi. Zala za dzanja limodzi zinachepa, za manja awiri zinachepanso. Okhala pansi anatsala owerengeka.

Sajeni anali atasendera pafupi. "Bambo," anauza a Anselmo, "kuba mavoti si kupha munthu. Munati pali chozula."

"Tiyeni."

Gulu lonse linakwera motsata ngalande. Pa minga paja Damiano anatsogola n'kutambasula manja. "Ili ndi dimba la tcheyamani wa chipani! Sajeni, mukudziwa amene mukulimbana naye?"

"Ndikungoona mbewu," anatero Sajeni, n'kukankha minga ndi nsapato.

Kuseri kwa kachisakasa, pakati pa mbatatesi, panali malo opondedwapondedwa, aakulu ngati lichero. Pamenepo panali patamera chimanga, chothithikana ngati udzu, timasamba tanthete tikuloza kumwamba m'mwezi umene palibe wobzala chimanga chotero. Apo ndi apo panali kanyemba katawerama khosi.

"Mavoti athu ndi amenewo," anatero a Anselmo. "Akanangochitentha chipandacho Lachinayi lomwelo, bwenzi palibe wodziwa. Koma mtima sunamulole. Ankafuna aone amene anamukana, chifukwa chimanga cha banja lililonse amachidziwa. Anabwera nacho kuno m'mawa, anachitsegula, anayala pansi n'kuyamba kusankha. A Gerevazio anamupeza akusankha. Khasu linali pafupi, ndipo dzulo lake anali atamuyambanitsa kale mwini khasuyo ndi malemuwo kuti chipanda chikadzakayikitsa, anthu adzaloze kwina. Atatha, anapondereza mbewu m'matope kuti zisaoneke. Mlimi wathunthu, kukwirira chimanga m'nthaka yonyowa n'kumayesa kuti wabisa!"

Sajeni anagwada n'kuzula kamtengo kamodzi. Kumizu kwake kunali kanjere koyera. Anazula kena. Kanjere kake kanali kofiira.

"Mayo, mbewu ya mayi anga!" analira a Magadalena.

Anafukula ndi mpeni, ndipo m'matopemo munatuluka khosi la chipanda, chingwe chake chili pomwepo, ndi zibenthu zakuda. A Anselmo anatulutsa kachibenthu ka kumchira kaja. Sajeni anakayesa apa, anakayesa apo, mpaka kanalowa pamalo pake ndendende.

Anaimirira n'kuyang'ana ayufi aja mmodzimmodzi. "Munati a tcheyamani anali pa Chimbiya kuyambira m'mawa. Kumene akupitako loya salowa. Alipo akufuna kukhala naye limodzi?"

Wamkulu wa iwo ndiye anayankha. "Anafika belu litalira kale, bwana. Thalauza litanyowa mpaka m'mawondo."

"Yudasi!" anakuwa Damiano. "Nonsenu mudzandifuna! Ndidzatuluka ine!"

Sajeni sanamumange unyolo. Anamugwira pamkono mwaulemu, ndipo atafika pagalimoto anamukhazika kutsogolo, osati kumbuyo kumene anaponya Kalisto. A Anselmo anaona zimenezo ndipo sanadabwe.

"Mwana wanu mukamutenge mawa," anatero Sajeni chapansipansi. "Za uyu sindilonjeza. Ali ndi anzake kumtunda. Ndipo zimene munanena za ku Zomba zija, ine sindinamve. Musadzazibwerezenso."

Galimoto itazimiririka m'fumbi, anthu anayamba kulankhula onse nthawi imodzi, ena akulira, amayi akululutira. A Anselmo anakhala pamwala, bondo likuwawa, akuganiza za mlomo wotupa wa Kalisto.

"Tilibe tcheyamani!" anafuula bambo wina wa kumchira. "Tidikiranji? A Anselmo ndi awa! Atipulumutsa! Akhale iwowa, ndipo asadzatsikenso mpaka Mulungu adzawatenge. Ovomera akweze manja!"

Manja anakwera onse, msangamsanga, mosangalala. Ngakhale la a Magadalena linali m'mwamba.

A Anselmo anadzuka pang'onopang'ono. Nkhope yawo inali itada kuposa mmene inadera pamaso pa Damiano. Anamenyetsa ndodo pamwala mpaka inang'aluka.

"Tsitsani manja amenewo! Tsitsani! Munthu wafa sabata yathayi chifukwa cha zimenezi, dothi la pamanda ake silinaume, inu mwayambanso? Lero mwandikonda, mawa mudzakonda wina wa khosi lonenepa, ndipo adzapeza khomo mwamutsegulira kale!"

Manja anatsika limodzilimodzi.

"Nanga titani, a Anselmo?" anafunsa a Magadalena, koyamba m'moyo wawo mawu ali ochepa.

"Madzi mawa ndi a ndani?"

"Anga."

"Kathirireni. Alamu, kunyumba kuli chipanda china chouma?"

"Chilipo," anatero a Monika. "Abambo anasunga."

"Chisungeni. Wofuna kusintha kanthu adikire mvula."